Chigamba cha a Raafat

Mphepo yafumbi ya m'chipululu, khamsini, inali itawomba kuyambira m'bandakucha, ndipo pofika 11 koloko m'mawa wa Lachinayi limenelo thambo la ku Nasr City, mu Cairo, linali lachikasu ngati msuzi wa mphodza. Mazenera a ofesi yathu, pansanjika yachisanu ndi chimodzi, anali otseka onse, komabe fumbi linkapeza polowera. Linali pamatebulo, m'makapu a tiyi ndi m'mano mwathu. M'chipinda chakumapeto, kompyuta yaikulu ngati firiji ya m'butchala inkapuma movutikira ndi zokupizira zake zonse. Tinkaitcha Hagga, dzina lolemekezera mayi wachikulire, chifukwa inali yokalamba, yonenepa, ndipo ukaizimitsa inkatenga mphindi makumi anayi ndi zisanu kuti idzuke.

Hagga anali ndi maola anayi okha otsala. Kampani inali itamugulitsa kwa ogula zitsulo zakale, ndipo ankayenera kudzamunyamula 3 koloko masana.

Purosesa ya Hagga, ubongo wake, inali ndi khalidwe limene mapurosesa ambiri alibe. Ikafuna kugwira ntchito yovuta, imayamba yasunga pambali manambala onse amene ali m'marejisitala ake, timabokosi ting'onoting'ono timene imachitiramo masamu. Ikatero imagwira ntchitoyo mobisa, ndi manambala atsopano. Ikamaliza popanda woisokoneza, imalengeza kuti yachita. Koma wina akangoigwira paphewa ili pakati, imataya zonse, n'kubwerera ku manambala akale aja, n'kukhala phee ngati sinayambe n'komwe. Zimenezi timazitcha tiranzakishoni. Tsoka lake ndi lakuti ntchito ya dibaga, pulogalamu imene timafufuzira zolakwika, ndi yomweyo yogwira purosesa paphewa. Choncho cholakwika chikabisala mkati mwa tiranzakishoni, ukangosuzumira chimazimiririka, ndipo purosesa imakuyang'ana ngati munthu amene sanalakwepo chibadwire.

A Raafat, injiniya wamkulu wa gulu lathu, amene tinkawatcha Bashmohandes monga timalemekezera mainjiniya, anali atatha zaka ziwiri ndi miyezi inayi akusoka chigamba chothetsa vuto limeneli mu kenelo, mtima wa pulogalamu imene imayendetsa kompyuta yonse. Chigambacho chinkati purosesa ikaimitsidwa, kenelo itole manambala a mbali zonse ziwiri n'kuwapereka kwa dibaga m'madengu awiri, lina lolembedwa kuti akale, lina atsopano. Anali atachitumiza ka 19 kwa a Lachlan, munthu wa ku Australia amene ankasunga chipata cha gawo limenelo la kenelo. Ka 18 chinabwezedwa. Koma Lachitatu a Lachlan analemba kuti: "Tsopano chikuoneka bwino. Munthu wina, osati inu, achiyese pa makina enieni. Mayeso onse anayi akadutsa ndipo iye akasayina dzina lake, ndichilowetsa. Ndikutseka mawa usiku, ndipo sindidzatsegulanso za nkhani imeneyi, popeza mapurosesa atsopano alibe khalidweli."

A Raafat ankapuma pantchito kumapeto kwa mwezi womwewo. Makina ena otere sitinkawadziwa kulikonse kumene tikanatha kufikako. Ndipo munthu wina uja, osati iwo, ndinali ine.

Ndinayendetsa mayeso anayi aja, mtundu uliwonse wa marejisitala ndi mayeso ake, ndipo onse anadutsa. Ndikanangolekera pomwepo. Koma dzina likalowa m'mbiri ya kenelo silifufutika, ndipo langa linali lisanaloweko n'kamodzi komwe, choncho ndinatsegula mayesowo kuti ndiwerenge chimene ndikusayinira. Njira yake inali yosavuta. Amaika nambala ina m'marejisitala tiranzakishoni isanayambe, n'kuika ina itayamba, kenako n'kuimitsa purosesa ndi kufunsa ngati nambala iliyonse yagwera m'dengu lake. Nambala yoyamba inali 1911. Yachiwiri inalinso 1911.

Ndinafufuza mbiri ya fayiloyo. Anailemba Hazem, mnzathu amene anapita ku Dubai, ndipo iye anaika 1907, chaka chimene timu ya mpira ya Ahly inakhazikitsidwa, ndi 1911, chaka cha Zamalek, mdani wake wamkulu. Pa ulendo wachitatu wa chigamba, a Raafat, amene ankakonda Zamalek kuposa mankhwala awo a shuga, anasintha 1907 kukhala 1911. Pofotokoza kusinthako analemba liwu limodzi: "Kuyeretsa." Kuyambira tsiku limenelo mayeso sanalepherenso.

Ndinaika 1 ndi 2, n'kuyendetsanso. Nambala 1 inagwera m'dengu la atsopano, 2 m'dengu la akale. Madengu anali otembenuzika, ndipo anali atakhala choncho maulendo 17, pamaso pa akatswiri a makontinenti atatu.

Nthawi yomweyo a Raafat analowa atanyamula thireyi ya basbusa, keke yonyowa ndi manyuchi.

"Fady, mwana wanga, adutsa?"

"Adutsa, Bashmohandes, koma..."

"Za koma udzandiuza Lamlungu tikabwerera kuntchito. Tambasula dzanja."

Anandiikira chidutswa m'dzanja. Ndinadya, popeza sukanakana, ndipo nditameza ndinayambanso.

"Bashmohandes, pa nambala zija..."

"Waonda iwe. Mayi ako akuganiza kuti timakuzunza kuno. China."

Chachitatu anandipatsa ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Anangoona kuti ndakoka mpweya. Kenako anapita kukagawira a m'zipinda zina, akuimba chapansipansi.

Doaa, amene tebulo lake linayang'anizana ndi langa, anali akundipenya pamwamba pa magalasi. Anandiposa zaka zinayi, ndipo ankaopedwa ndi aliyense, kuphatikizapo mwini nyumbayo.

"Iwe Fady, wadya zidutswa zitatu koma nkhope ngati wabwera kumaliro a basbusayo. Chavuta n'chiyani?"

Ndinamutembenuzira kompyuta yanga. Anawerenga, n'kuwerenganso, kenako anaseka mpaka kugwira tebulo ndi manja onse awiri.

"Bashmohandes!" anakuwa. "Tabwerani mudzaone! Zamalek yapeza njira yopambanira: ikusewera yokha mbali zonse ziwiri!"

A Raafat anabwera thireyi ili m'manja. Anawerama, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, n'kuwavalanso, ngati kuti vuto linali fumbi.

"Ndinangoyeretsa," anatero potsiriza. "Nambala imene ija inkandibaya m'maso m'mawa uliwonse. Munthu angayambe bwanji tsiku ndi 1907?"

"Anthu mamiliyoni amayamba nayo, ndipo amagona bwino," anatero Doaa.

"Taimani. Tiyeni tiganize ngati anthu ophunzira." Anatula thireyi pamwamba pa makina osindikizira. "Purosesa ikabwerera m'mbuyo, manambala akale ndiye amene ili nawo panopa. Atsopano aja yataya, apita, ndi mbiri yakale. Ndiye ndani anganene kuti dengu ili ndi lakale? Mwina madengu anga ali bwino, ndipo amene walakwitsa ndi dziko."

"Mukawauze a Lachlan zimenezo. Akutumizirani digiri ya filosofe, chigamba n'kuchibweza ka 19."

A Raafat anatembenukira kwa ine. Ndi iwo amene anandilemba ntchito, pambuyo pa mafunso amene ndinayankha mawu osakwana khumi. Anauza akuluakulu kuti munthu wosalankhula sawononga nthawi ya misonkhano.

"Iwe ukuti bwanji, mwana wanga?"

"Munthu akadzafufuza cholakwika ndi chigamba ichi," ndinatero ndikuyang'ana thireyi, "adzalondola mapazi a dzulo n'kumaganiza kuti ndi a lero. Kuli bwino asaone kanthu kusiyana n'kuona zimenezo."

A Raafat anakoka mpando wanga, ine ndikadali chiimire, n'kukhala pansi. Madenguwo anatembenuzika m'malo 31, ndipo ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala: munthu wa zaka 60, zala zomata manyuchi, akupeza malo onsewo pamtima popanda kufufuza, ngati mmene munthu amayendera m'nyumba mwake magetsi atazima. Pofika 1 koloko anali atamaliza. Kumanga kenelo yatsopano kunatenga mphindi makumi anayi. Chinatsala ndi kuzimitsa Hagga n'kumudzutsa nayo, ndipo nthawi inalipo yokwanira.

Koma mawu achinsinsi ozimitsira Hagga ankawadziwa a Raafat okha, ndipo anapinda manja.

"Tisanadzutse, tigwirizane za manambala. Dengu la akale, limene limapulumuka zinthu zikavuta, ndi 1911. Dengu lotayidwa ndi 1907. Mwatero mwapeza nambala ziwiri zosiyana, sayansi yakhutira."

"Mukatero mudutse pamtembo wanga," anatero Doaa. "Zoti zilembedwe mu kenelo mpaka tsiku lachiweruzo kuti Ahly ndi yotayidwa? Bambo anga angadzuke kumanda, abwere pa basi."

"Abwere, tiwapatsa basbusa."

"Tembenuzani. 1907 ipulumuke."

"Chigamba ndi changa, Bashmohandesa."

"Madengu otembenuzikanso anali anu."

"Bwanji 1 ndi 2?" ndinafunsa.

"Nanga 1 akhala ndani?" anafunsa onse awiri pamodzi.

Ndinaganiza mofatsa, n'kupereka manambala amene ndinkayesa kuti alibe mwini. "Kapena 5 ndi 6."

Doaa anatseka pakamwa ndi nsonga ya mpango wake, mapewa akugwedezeka. Nkhope ya a Raafat inatuwa.

"Sikisi," anatero motsitsa. "M'nyumba mwanga. Utadya zidutswa zanga zitatu."

Ine mpira sindiutsatira. Ndinamva pambuyo pake kuti chaka cha 2002 Ahly inamwetsa Zamalek zigoli zisanu ndi chimodzi, ndipo kuchokera pamenepo a Raafat ankakwera masitepe kuchokera pansanjika yachisanu pofuna kupewa kudina batani la 6 m'chikepe. Ine ndinkayesa kuti ndi malangizo a dokotala.

Tinayesa 7, koma inali nambala ya malaya a wosewera wina amene anathawira ku timu inayo. Tinayesa 30, ndipo Doaa anati imakhudza zikho. Nambala iliyonse imene ndinkatchula inali ndi bala lake. Itakwana 2 koloko analowa Am Sobhi, mlonda wa nyumbayo, atanyamula chingwe choyezera khomo kuti aone ngati Hagga atulukepo.

"Am Sobhi, tiweruzeni," anatero a Raafat. "Tikufuna manambala awiri opanda mlandu."

"Opanda mlandu, basha? Mu Cairo muno?" Anakanda chibwano, n'kuyang'ana pansi. "Ine ndimavala nsapato 44. Bashmohandes wamng'onoyu?"

"42," ndinatero.

A Raafat ndi Doaa anatseka maso, aliyense akusanthula mbiri ya mpira kuyambira nthawi ya mafumu. Palibe amene anapeza kanthu.

"Koma 44 ikhale yopulumuka," anatero Am Sobhi. "Ndine wamkulu."

Tinazimitsa Hagga nthawi ili 2:15. Doaa anawerengera ndi zala, n'kuona kuti adzuka 3 koloko yeniyeni. Anathamangira kukabati ya kukhitchini n'kubwera ndi chingwe chachitali cha magetsi chimene timayatsira nyali za Ramadani pakhonde. Anazula Hagga kukhoma n'kumulumikiza kudzera pa chingwecho.

"Akafuna kumukankha amukankhe," anatero. "Tili ndi mamita makumi atatu."

Onyamula anafika 2:50, amuna awiri a mapewa otambalala, ndipo Am Sobhi anawatsogolera.

"Lole yaima pakati pa msewu, basha, ndipo dalaivala akuti Lachinayi masana, wikendi itayamba kale, sadikira ngakhale mayi ake omubereka."

"Hagga akudzuka," anatero a Raafat. "Simunganyamule mayi wachikulire ali m'tulo."

"Ife timanyamula ndi mafiriji a nyama momwe, bwana," anatero mmodzi wa amunawo. "Sanadandaulepo."

Anagwirizana kuti amukankha pa matayala ake, koma pang'onopang'ono, ndipo sazula chingwe mpaka chitatha chokha. Motero ulendo unayamba. Patsogolo panali a Raafat, akuyenda chafutambuyo ndi thireyi, ndipo pa sitepe iliyonse yachitatu ankaimitsa amunawo n'kuwapatsa chidutswa. Pambali panali ine, kompyuta yanga ili pamkono, yomangika kwa Hagga ndi kachingwe kosakwana mita imodzi, moti akakhota ndinkakhota naye. Pambuyo panali Doaa, akumasula chingwe cha Ramadani pachigongono. Anthu a m'zipinda zina anatuluka n'kuima m'mbali mwa khoma. Mayi wina wa ku gawo lolemba anthu ntchito, posadziwa chochita, anayamba kunong'ona pemphero la maliro.

Hagga anadzuka tili pakhomo la khitchini. Ndinalemba ndi dzanja limodzi.

"Oyamba adutsa," ndinatero. "44 m'dengu lake, 42 m'dengu lake."

"Mulungu ndi wamkulu!" anatero Am Sobhi, akuyang'ana nsapato zake monyadira.

Mayeso achiwiri anadutsa tili pakhomo la chimbudzi. Basbusa inathera pomwepo, ndipo amuna aja, opanda chowachedwetsa, anayamba kuyenda ngati anthu olipidwa pa ulendo. A Raafat anayesa kuwafunsa za ana awo. Mmodzi analibe ana, winayo anali nawo asanu ndi mmodzi, ndipo a Raafat sanapitirize.

Tinafika pachikepe mayeso achitatu akuyenda. Amenewa ndi a marejisitala aakulu ndipo amatenga mphindi zitatu. Chingwe chinali chitachoka pansi, chikunjenjemera m'mwamba ngati cha zovala.

"Chatha!" anakuwa Doaa ali kumapeto kwa khonde. "Osasuntha ngakhale chala!"

"Mphindi zisanu zokha, Am Sobhi," anatero a Raafat. "Ndakupemphanipo chiyani zaka zonsezi?"

"Makiyi a padenga, malo oimika galimoto, ndi msuweni wanga wokonza mipope. Koma chabwino, basha. Zisanu."

Am Sobhi anaima pakhomo la chikepe n'kuliletsa kutseka ndi phazi. M'katimo munali kale bambo wina wa tayi wochokera pansanjika yachisanu ndi chinayi, atanyamula chikwama ndi maluwa.

"Tikudikira chiyani?" anafunsa.

"Kompyuta ikulemba mayeso," anatero Am Sobhi.

"Ikalembere pansi. Ine ndikukafunsira mbeta ku Shubra 5 koloko."

"Mbeta idikira. Izi ndi za ku Australia."

Pansi lole inaliza hutala. Chikepe chinayamba kulira chifukwa chotsegulidwa nthawi yaitali. Bambo wa maluwa uja, amene mwina anali munthu wabwino pa masiku ena, anaika maluwa kukhwapa, n'kugwira chogwirira cha Hagga, n'kunena kuti, "Ndikuthandizeni." Anakoka kamodzi kokha. Matayala akutsogolo analumpha kampata ka pakhomo, ndipo kutali kumapeto kwa khonde ndinamva kaphokoso kakang'ono ka pulagi ikugwa pansi.

Zokupizira zinazungulira pang'ono n'kuima. Pa kompyuta yanga panali mzere wonena kuti mayeso achitatu ayamba, ndipo pansi pake panalibe kanthu. Kuti Hagga adzukenso pankafunika mphindi makumi anayi ndi zisanu. Amuna aja anamulowetsa, ine ndinazula kachingwe kanga, ndipo chitseko chinatseka.

Ndinakhala pansi pakhondepo, msana kukhoma. A Raafat anaima pambali panga, thireyi yopanda kanthu ili m'manja.

"Awiri adutsa," anatero. "Enawo ndi chimodzimodzi, mwana wanga. Unaona wekha ndikukonza. Malo 31, palibe amene ndinadumpha."

"Ndinaona, Bashmohandes."

"Ukukhulupirira kuti chigamba chili bwino?"

"Ndikukhulupirira."

"Ndiye lemba. Mzere umodzi wokha. Palibe munthu padziko lapansi amene adzayendetsenso mayeso amenewa."

Zimenezo zinali zoona, ndipo ndi zimene zinkandiopsa. Doaa anali atafika, akukulunga chingwe pachigongono.

Ndinatsegula kalata yopita kwa a Lachlan. Zala zanga zinkamata pa mabatani. Ndinalemba kuti chigamba cha 19 chinali ndi madengu otembenuzika, ndipo mayeso sanaone chifukwa manambala awiri anali ofanana. Ndinalemba kuti cha 20, chimene ndaphatikiza, chakonza zimenezo. Kuti mayeso oyamba ndi achiwiri adutsa pa makina enieni. Kuti achitatu anayamba koma sanamalize, achinayi sanayambe, ndipo makinawo kulibenso. Pamalo pa mzere wosayinira ndinasiya popanda kanthu. Ndinkadziwa, monga ankadziwira iwo, kuti a Lachlan anati anayi, ndipo sanali munthu wochotsera.

Sindinatumize. Ndinakweza kompyutayo m'mwamba ndi manja awiri kuti awerenge.

Anapatsa Doaa thireyi, n'kuwerama. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atafika pa chiganizo cha manambala ofanana anaima, n'kutambasula chala chimodzi, n'kuwonjezera mawu pambuyo pake: "Amene anawafananitsa ndine. Raafat." Anakonzanso malo ena pamene ndinaiwala mpumiro. Kenako, ndi chala chomwecho, anadina potumizira.

Anawongoka, n'kukonza tayi. Ine ndinatseka kompyuta yanga. Iwo anadutsa pakhomo la chikepe, n'kukankha chitseko cha masitepe, n'kuyamba kutsika.